Nokia, Ericsson ndi meseji imene ndinatuma usiku

Lero ndalemba zotalika, so ngati bundle yanu ili pafupi kutha, sungani mudzawerenge madzulo mukatseka.

Ambiri a ife foni yoyamba imene tinagwira m'manja inali Nokia. Yanga inali 1100, ija ya katochi pamwamba. Inagwa pa simenti kosawerengeka. Tsiku lina inagwera m'ndowa ya madzi, ndinaimasula nkuiyanika pa malata, madzulo inalira ngati palibe cacitika. Foni imeneyo inatuluka mu 2003, ndipo anagulitsa zopitirira 250 miliyoni pa dziko lonse. Zaka zomwezo ndi pamene ine ndinasiya salaula nkuyamba za mafoni pano pa Kapata: makadi a talk time okala ndi cikhadabo, mabatire, ma face, ma chaja a big pin ndi small pin. Ana anga atatu anaphunzira ndi ndalama ya tinthu timeneti. Conco dzina la Nokia kwa ine si dzina la alendo.

Pa 19 October 2023 kampani ya Nokia inalengeza kuti icotsa anthu nchito mpaka 14,000. Inali ndi anchito 86,000, ndipo inati pofika kumapeto kwa 2026 ifuna atsale pakati pa 72,000 ndi 77,000. Mnzanga wa pa kantemba koyandikana atamva anangoseka, ati, "Kaili ndani agula Nokia masiku ano?" Koma apa tisasokoneze zinthu. Nokia ya masiku ano sipanga mafoni. Bizinesi ya mafoni anaigulitsa kwa Microsoft mu 2014, ndipo mafoni atsopano olembedwa Nokia amene mumawaona m'mashopu ndi a kampani ina, HMD, imene inangobwereka dzinalo. Cimene Nokia amapanga manje ndi zinthu zimene ife sitizigwira: mabokosi ndi ma antenna amene amamangiriridwa pamwamba pa nsanja za network, makina onyamula mau ndi intaneti kucoka pa nsanja imodzi kupita pa inzake, ndi mapulogramu oyendetsa zonsezi. Makasitomala ao si ine ndi inu, ndi makampani a network. Opikisana nao ndi Ericsson ya ku Sweden, Huawei ndi ZTE a ku China, komanso Samsung. Kuno kwathu 5G imene MTN inayambitsa mu November 2022 anaimanga ndi a Huawei.

Nanga anthu onsewa acotsedwa bwanji, pomwe dziko lonse lili pa foni usana ndi usiku? Cifukwa cake wamalonda aliyense angacimve. Inu ogulitsa mayunifomu, January mumasowa ndi nthawi yakudya. February mumakhala mukuingitsa nchenche. Mwana akagulidwa yunifomu, wagulidwa. Nsanja nayo ndi cimodzimodzi: ikapatsidwa makina ake, pamapita zaka isanafunenso ena. Mu 2021 ndi 2022 makampani akuluakulu a network a ku America, AT&T, Verizon ndi T-Mobile, anagula makina a 5G maningi. Komanso nthawi ya Covid tizipangizo ta mkati, tija amati ma chip, tinasowa, ndiye poopa kudzasowa katundu anaoda zopitirira nkusunga. Pofika 2023 mosungira munali modzaza, ciwongoladzanja ca ngongole cinali citakwera, ndipo 5G sinabweretse ndalama zimene anayembekeza, cifukwa kasitomala safuna kulipira zambiri cabe kuti pa foni pake palembedwe 5G. Anacepetsa kuoda. Ku India makampani a Jio ndi Airtel anagula kwambiri caka cimeneco, koma pa mtengo wa phindu locepa, ndipo caka cisanathe naonso anayamba kubweza dzanja. Malonda a Nokia a July mpaka September 2023 anatsika ndi 20 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo caka ca m'mbuyo. Koma mvetsani bwino, sanali kuluza ai. Phindu linalipo, linangocepa.

Ericsson anali atayamba kale. Mu February 2023 analengeza kuti acotsa anthu 8,500. Mu December caka comweco AT&T inapatsa Ericsson oda yaikulu, ya ndalama zofika 14 biliyoni ya madola pa zaka zisanu, Nokia nkutsala m'manja muli gwa. Mungaganize kuti anchito a Ericsson anapuma pamenepo. Mu March 2024 anauzidwa kuti enanso 1,200 a ku Sweden acoka. Woluza oda anacotsa anthu, wopeza oda anacotsanso anthu.

Ndidziwa ena anena kuti, "A Reader, mukutilirira azungu? Kwao munthu akacotsedwa nchito pali ndalama zimene amalandira mwezi ndi mwezi mpaka apeze ina." Ndi zoona, ku Finland ndi ku Sweden zimenezo ziliko, ndipo sindinena kuti amagona ndi njala monga timacitira ife. Cimene candigwira pa nkhaniyi si njala yao. Ndi mmene munthu amauzidwira kuti nchito yake yatha, cifukwa pamenepo ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri.

Nditatsiriza Grade 12 ndinapita ku Lusaka, nkulowa nchito ya ukalaliki ku stores ya kampani ina ya boma. Dzina lake tilisiye, inali yaing'ono. Zinali zaka zija zogulitsa makampani a boma, pamene Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, UBZ nkutsatira. Mau amene anachuka nthawi imeneyo anali akuti pruning, ngati kuti anthu ndi nthambi za mango. Ife tinali kumva mphekesera cabe. Tikafunsa akuluakulu anali kutiuza kuti gwirani nchito, musamvere za m'makhonde. Mande lina m'mawa tinapeza pepala lomatidwa pa geti, maina m'mizere iwiri. Langa linali la nambala 17. Mlonda amene tinali kudya naye nsima masana onse ndiye anauzidwa kuti asatilowetse, ndipo anali kuyang'ana pansi, misozi ili m'maso. Kapu yanga ya tiyi ndi jekete zinatsala mkati mpaka lero. Ma benefits anabwera patapita zaka ziwiri, ndalama itatha kale mphamvu. Koma ndikakumbukira, ndalama sindizo zimandiwawa kwambiri. Zaka zisanu ndi cimodzi ndinagwira pamalo paja, ndipo panalibe ngakhale munthu mmodzi amene anakhala nane pansi nkundiyang'ana m'maso. Komanso akanatiuza miyezi itatu m'mbuyo, sindikanatenga mipando ya ngongole imene anadzailanda pamaso pa mai a kunyumba ndi aneba onse. Ndinalumbira tsiku limenelo kuti ine ndikadzalemba munthu nchito, sindidzamucita zotere.

Nokia yemweyu anayesapo njira zonse ziwiri, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuidziwa. Mu January 2008 analengeza mwadzidzidzi kuti atseka fakitale ya mafoni ya mu mzinda wa Bochum ku Germany, anthu 2,300. Caka ca 2007 kampaniyo inali itapanga phindu lalikulu kwambiri, ndipo fakitaleyo inali italandirako thandizo la ndalama za boma. Cifukwa cimene anapereka cinali cakuti kupanga foni ku Germany kwadula. Anthu anakwiya, anaguba m'miseu, ena a ndale analengeza poyera kuti asiya kugwiritsa nchito mafoni a Nokia. Pamapeto pake kampaniyo inalipira 200 miliyoni ya ma euro kuti nkhani ithe, ndipo dzina lake ku Germany linadetsedwa. Nchito ija anaisamutsira ku Jucu, pafupi ndi Cluj ku Romania, kumene malipiro anali ocepa. A ku Romania anakondwa. Mu 2011 fakitale yaonso inatsekedwa, anthu 2,200, nchito nkupita ku Asia. Mu 2012 anasiya kupanga mafoni ngakhale ku Salo, tauni ya kwao ku Finland imene inakula ndi Nokia monga Luanshya inakulira ndi mgodi.

Apa ndiikeko kakang'ono, kuti tisadziyeretse. Amene anacotsa Nokia kutsogolo kwa tebulo kuno ndife. Kuimba kucoka pa network ina kupita pa ina kunali kodula, anthu anafuna foni ya ma SIM awiri, ndipo ochipa a ku China anabwera nayo msanga. Kenako Tecno ndi itel zinadzaza msika. Ine ndinasuntha ma Nokia kuwaika kumbuyo, osaganizako za munthu wa ku Salo. Ndipo olo lero ndikanacita comweco, cifukwa kasitomala ndiye amalamula tebulo.

Koma pamene Nokia inafunika kucotsa anthu ambirimbiri kuyambira 2011, inakumbukira za ku Bochum. Anayambitsa dongosolo limene analicha Bridge, ndiye kuti ulalo, ndipo linakhudza anthu pafupifupi 18,000. Anthu anali kuuzidwa nthawi ikalipo. Munthu anali kusankha: kufuna malo ena mkati mwa kampani, kuthandizidwa kupeza nchito kwina, kubwerera ku sukulu, kapena kuyamba bizinesi yake. Woyamba bizinesi anali kupatsidwa mpamba wofika 25,000 ya ma euro, ndipo makampani ang'onoang'ono pafupifupi 1,000 anabadwa mwa njira imeneyo. Nchito zinathabe, palibe amene anaibweza fakitale ya ku Salo. Koma opitirira theka anafika tsiku lotsiriza akudziwa kale kumene apita. Kampani imodzi, nchito kutha cimodzimodzi, koma ku Bochum anthu anatuluka akutukwana, ndipo a mu Bridge ambiri anatuluka ali ndi pogwira.

Manje ndifike pa ine.

Ndinali ndi mnyamata pa kantemba kanga, zaka zinai. Ndinamutenga atangotsiriza sukulu, mwana wa mai wina wa Mothers' Union m'chalichi mwathu. Anabwera osadziwa kanthu, koma manja ake ndi ofewa pa zinthu zing'onozing'ono. Anaphunzira kusintha sikirini, kuwotcherera pa charging port, kucotsa madzi m'foni. Pofika caka cacitatu makasitomala ena anali kubwera kufunsa iye, osati ine. Anali kundiitana kuti atate.

Caka ca 2024 mukucidziwa nonse. Mvula inakana, cimanga cinapsa m'minda, madzi ku Kariba anatsika, malaiti anali kupita tsiku lathunthu. Unga unakwera. Munthu amene akuwerengera pamela sagula kava ya foni, ndipo sikirini ikang'ambika amangomata selotepi nkupitiriza. Kwacha nayo inagwa, katundu amene ndimaoda ku Lusaka anali kukwera ulendo uliwonse. Ndinakhala pansi ndi buku langa mu June, ndinawerengera, ndinabwerezanso, ndipo masamu anali kunena cinthu cimodzi: tebulo ili silingadyetse mabanja awiri. Pa masamu amenewo sindidzitsutsa olo lero. Anali oona.

Cimene ndinacita ndi masamuwo ndico nkhani. Ndinadziwa mu June, koma ndinakhala cete July yense ndi August yense. Mumtima ndinali kunena kuti mwina zinthu zisintha. Koma ndikanena zoona, panali zifukwa zina pansi pake. Ndinaopa kuti ndikamuuza msanga acoka nthawi imene ine ndikali kumufuna, atenga makasitomala anga, kapena ayamba kugwira nchito mwaulesi. Zifukwa zomwe zija zimene akuluakulu athu a ku Lusaka anali nazo pa ife. Kumapeto kwa August ndinamupatsa malipiro ake madzulo, anawerenga, anathokoza, anandithandiza kulongedza katundu ndi kukhoma loko. Ati, "Tionana mawa, atate." Ine ndinati, "Yenda bwino." Pakamwa panalemera. Ndinafika kunyumba, ndinadya, ndipo ca m'ma 21 hours ndinatenga foni nkulemba: "Mawa usabwere, zinthu zavuta. Ndidzakuitana zikakhala bwino." Panapita mphindi zambiri. Kenako yankho linabwera: "Ok atate. Zikomo."

Ine amene ndakhala zaka pafupifupi 30 ndikusimba za pepala la pa geti, langa ndinalimata pa foni. Olo mlonda wolira panalibe.

Pa Sondo ndinavala mkanjo wanga monga mwa masiku onse. Itafika nthawi yopatsana mtendere ndinatsika kupita m'mipando, ndipo amai ake anali pamzere wacitatu, pamalo pao pa nthawi zonse. Ndinafuna kudutsa mbali ina koma kunalibe njira. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ndipo sananene kanthu koipa. Titatuluka panja anandiyandikira nati, "A Reader, sindikudandaula ai, malonda tonse tikuwaona. Koma mwana uja akanadziwa msanga, sakanatenga nyumba ija." Ndinafunsa kuti nyumba iti. Ndiye ndinamva kuti pakati pa August mnyamatayo anacoka pakhomo pa amai ake nkukacita lendi cipinda, cifukwa mkazi wake anali ndi pakati. Mwini nyumba anafuna miyezi itatu pamodzi, ndipo ndalamayo anaitenga pa kaloba, podalira malipiro a kwa ine. Pamene anali kusaina kwa wakaloba, ine ndinali nditadziwa kale kwa miyezi iwiri kuti malipirowo akutha. Tinali kukhala pa benchi imodzi tsiku lonse, mapewa kugundana.

Mipando yanga ya ngongole ija inandibwerera m'maso pomwepo.

Zinanditengera masabata atatu kuti ndipite kukamuona, ndipo sindinyadira zimenezo. Ndinamupeza atakhala pakhomo. Anandipatsa mpando, iye nkukhala pa njerwa. Ndinamuuza zonse monga ndalembera pano, kuti ndinadziwa mu June, ndi cifukwa cake ndinabisa. Anamvetsera osandidula. Pomaliza anati, "Mukanangondiuza cabe. Ine sindikanathawa." Foni yake anali atagulitsa kale kuti acepetse kaloba. Wokonza mafoni wopanda foni.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandiuza za lamulo, cifukwa ine ndinali kuganiza kuti malamulo a nchito ndi a makampani okhala ndi mageti ndi alonda. Lamulo la nchito la 2019 limati munthu amene wagwira kupitirira miyezi itatu apatsidwe notisi ya masiku 30, ndipo wocotsedwa cifukwa nchito yacepa alandire malipiro a miyezi iwiri pa caka ciliconse cimene wagwira. Zaka zinai, ndiye miyezi isanu ndi itatu. Nditamva ndinaseka kuseka kwa mantha, cifukwa ndalama yotero pa tebulo langa sinagonepo. Anzanga a pa msika, ndidziwa ambiri tili ndi mnyamata kapena mtsikana wotithandiza, popanda pepala lililonse, ndipo timati ndi mwana wa m'nyumba. Zinthu zikavuta ndi pamene timakumbukira kuti si mwana wathu.

Ine 25,000 ya ma euro ndilibe. Ulalo wanga unali wa mitengo iwiri. Ndinamupatsa zitsulo zonse zokonzera mafoni, soldering iron, tima screwdriver, mita yoyezera, cifukwa kunena zoona maso anga anafooka ndipo zinali kungokhala m'katoni. Ndinamulumikiza ndi munthu amene ndimaodako masikirini ku Lusaka, nkumuimira kuti azimupatsako pa ngongole pang'ono. Mwezi wa notisi ndinamulipira pamene cilimba cinafika kwa ine. Zotsalazo tinalemba m'buku tonse awiri, pamaso pa amai ake, ndipo ndimapereka pang'onopang'ono. Mpaka lero sindinafike olo pa theka. Zonsezi ndikanazicita mu June zikanakhala thandizo. Mu October zinali ngati kulipira mlandu.

Cipinda cija anacisiya, anabwerera kwa amai ake ndi mkazi wake, ndipo mwana anabadwira kumeneko. Manje ali ndi katebulo kake kumbali ina ya msika. Masiku ena amapeza, masiku ena amabwerera cabe. Timapatsana moni, nthawi zina amabwera kudzabwereka chaja yoyesera. Koma sanandiitanenso atate. Amati a bosi, mwaulemu, ndipo ine ndilibe mphamvu yomuuza kuti asinthe.

Makasitomala anga akale amene mumabwera ndi masikirini osweka, ine sindikonzanso. Fikani pa kantemba kanga ndikulozereni pamene amakhala, ndi pafupi. Dzanja lake pa charging port ndi labwino kuposa langa, ndipo mtengo mukamvana naye mwini wake.